Singano za ku China ndi Mwazi wa m'Khosi

Ambiri a ife tiri ndi agogo kapena amayi kumudzi amene adandaula za khosi. M'mawa podzuka khosi liri gwa ngati mtengo. Akati acheuke amva chizungulire, ndipo nthawi zina dzanzi litsikira m'dzanja kufikira ku zala. Munthu wotere afuna chithandizo, ndipo amvera aliyense womlonjeza machiritso. Mwa malonjezo amene amveka masiku ano muli limodzi lochokera kutali, ndilo lakuti anthu a ku China alasa odwala ndi tisingano tating'ono, ndipo tisinganoto titsegula njira za mwazi m'khosi, kotero kuti mwazi ufika bwino ku ubongo ndipo chizungulire chitha.

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Nzoona, koma wanzeru ayamba wayesa kalumoko asanapereke mutu wake kuti ametedwe. Tsono m'phunziro lino tiyamba taona mapangidwe a khosi ndi njira zimene mwazi udzera. Pambuyo pake timva mbiri ya singanozo, ndipo potsiriza tifunsa ngati zisinthadi mayendedwe a mwazi m'khosi, kapena zithandiza mwa njira ina.

MAFUPA A KHOSI

Ikani dzanja kumbuyo kwa khosi lanu, nimuweramitse mutu. Mudzamva fupa lotundumuka pamene khosi likomana ndi msana. Limenelo ndilo lotsiriza mwa mafupa 7 a khosi, osanjikizana lina pamwamba pa linzake. Nyamalikiti, ndi khosi lake lalitali lija, nayenso ali ndi mafupa 7 okha, kungoti ake ndi ataliatali. Fupa lapamwamba, limene lisenza chigaza, litchedwa atlas. Lachiwiri litchedwa axis, ndipo liri ndi kachikhomo koloza kumwamba kamene atlas azungulirapo. Pafupifupi theka la kucheuka kwathu konse lichitikira pa mafupa awiri amenewa.

Kuyambira pansi pa axis, pakati pa fupa ndi linzake pali kankhata. Monga mayi aika nkhata pamutu kuti mtsuko usampweteke, momwemonso kankhataka katchinjiriza mafupa kuti asakhulane. Kunja kwake nkolimba, koma m'kati mwake nkofewa ndi kodzala madzi. Fupa lirilonse liri ndi chibowo chachikulu pakati, ndipo zibowozo pamodzi zipanga ngalande m'mene mudutsa chingwe cha msana chochokera ku ubongo. Kuchokera ku chingwechi minyewa ituluka uku ndi uku kupita ku mapewa, manja ndi zala. Minyewa ndiyo tizingwe toyera tonyamula uthenga wa kumva ndi wa kugwedeza ziwalo. Tisaisokoneze ndi mitsempha, imene inyamula mwazi.

Mutu wa munthu wamkulu ulemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo khosi lisenza katundu ameneyu usana wonse, chaka ndi chaka. Mtsikana akasenza ndowa ya madzi ya malita 20 aonjezapo makilogalamu ena 20, ndiko kuti khosi lake lanyamula kasanu kulemera kwa mutu wokha.

NJIRA ZINAYI ZA MWAZI

Mu 1628 dotolo wa ku England, William Harvey, anasonyeza kuti mtima upopa mwazi, ndipo mwaziwo uzungulira thupi lonse nubwereranso ku mtima. Ubongo ndi waung'ono, pakuti pa magawo 100 a kulemera kwa thupi utengapo 2 okha, koma ulandira pafupifupi magawo 15 pa 100 a mwazi wonse wochoka mu mtima. Ukasowa mwazi masekondi owerengeka chabe munthu akomoka, ndipo pakapita mphindi zochepa ubongo uyamba kufa.

Mwaziwo ukwera ku mutu pa mitsempha inayi. Iwiri iri kutsogolo, mbali iyi ndi iyo ya kholingo. Itchedwa carotid, ndipo inyamula pafupifupi magawo 4 pa 5 a mwazi wa ubongo. Iwiri inayo, imene nkhani yathu yagonapo, itchedwa vertebral, ndipo iyenda njira yachilendo. Fupa lirilonse la khosi liri ndi timapiko tiwiri, ndipo kaphiko kalikonse kali ndi kabowo. Mtsempha ulowa m'kabowo ka fupa lachisanu ndi chimodzi, nukwera kudzera m'tibowo ta mafupa apamwamba monga ulusi udzera m'mikanda, nukhota pa atlas, nulowa m'chigaza. M'menemo iwiriyo ilumikizana nikhala mtsempha umodzi wotchedwa basilar. Mwazi wake udyetsa tsinde la ubongo, limene lilamulira kupuma ndi kugunda kwa mtima. Udyetsanso mbali imene itithandiza kuima osadzandira, ndi mbali ya kunkhongo imene tionera.

Mu 1664 dotolo wina wa ku England, Thomas Willis, anafotokoza kuti pansi pa ubongo mitsempha yakutsogolo ndi yakumbuyo ilumikizana ngati mphete. Chifukwa cha mphete imeneyi, njira imodzi ikachepa, kawirikawiri zinazo zithandiza kupereka mwazi.

KUKALAMBA KWA KHOSI

Munthu akamakula tinkhata tija tiuma pang'onopang'ono nitiphwatalala. Mafupa ayandikana, ndipo m'mphepete mwake mumera timinga ta fupa. Madotolo atcha zimenezi cervical spondylosis, ndiko kunena kutha kwa mafupa a khosi. Si nthenda yopatsirana, ndipo si yachilendo, pakuti mwa anthu 100 alionse opitirira zaka 60, oposa 85 apezeka ndi zizindikirozi akajambulidwa ndi X-ray. Mu 1994 madotolo anafalitsa zimene anapeza ku Ghana, zakuti anthu osenza katundu pamutu anali ndi kutha kotere kwambiri kuposa anzawo amene sasenza.

Koma taonani chodabwitsa: ambiri a iwo amene X-ray isonyeza timinga samva kupweteka konse. Ena amva khosi kuwawa ndi kuuma. Kaminga kakapana mnyewa, dzanja lichita dzanzi kapena lifooka. Ngalande ija ikachepa nipana chingwe cha msana, munthu ayamba kulephera kumanga mabatani ndi kuyenda modzandira, ndipo ameneyo afunika dotolo msanga.

Nanga mitsempha ya vertebral, yodzera m'mafupa momwemo? Madotolo a ku China agawa nthendayi m'mitundu ingapo, ndipo mtundu umodzi autcha wa mtsempha wa vertebral. Iwo ati timinga tipana mtsemphawo, kapena tiputa timinyewa touzinga kotero kuti ufinyika, ndipo mwazi ukachepa ku ubongo munthu amva chizungulire, litsipa ndi kulira m'makutu. Kuti mtsempha ukhoza kupanika pocheuka nzoona. Mu 1978 dotolo wa ku America, Sorensen, analemba za munthu amene anadwala sitiroko atapotoza khosi poponya mivi, ndipo kufikira lero vutoli litchulidwa ndi dzina la mlenje wa uta. Koma madotolo ambiri a maiko ena ati zotere zichitika mwa kamodzikamodzi. Chizungulire kawirikawiri chichokera m'kati mwa khutu, m'mene muli tiziwalo toyesa kukhazikika kwa mutu. Chidzanso ndi kuchepa kwa mwazi m'thupi, kuimirira mwadzidzidzi, malungo, njala ndi mankhwala ena. Nkhalamba ikhoza kukhala ndi timinga m'khosi ndi chizungulire pamodzi, monga ikhala ndi imvi ndi mawondo opweteka. Koma palibe anena kuti imvi ndizo zipweteka mawondo.

MBIRI YA SINGANO

Kulasa ndi singano kutchedwa acupuncture m'Chingerezi. Eni ake akutcha zhenjiu, mawu awiri otanthauza singano ndi kuotcha, pakuti kuyambira kale aphatikiza kulasa ndi kuotcha masamba ouma a chitsamba china pafupi ndi khungu. Buku lawo lakale lotchedwa Huangdi Neijing linasonkhanitsidwa zaka 100 kapena 200 Khristu asanabadwe, ndipo lifotokoza mitundu 9 ya singano. Mu 1968 ofukula za makedzana anatsegula manda a kalonga Liu Sheng ku Mancheng, amene anamwalira zaka 113 Khristu asanabadwe, napezamo singano 4 zagolide ndi 5 zasiliva zimene ambiri aziyesa za ntchito imeneyi.

Chiphunzitso cha asing'anga akalewo chinali chotere. M'thupi muyenda mphamvu ya moyo yotchedwa qi, limodzi ndi mwazi, m'njira zazikulu 12 ndi zina 2 za pakati pa msana ndi pakati pa mimba. Qi ndi mwazi zikaima pa malo amodzi, kapena mphepo, kuzizira ndi chinyezi zikalowa m'njirazo, munthu amva kupweteka. Ntchito ya singano ndiyo kumasula pamene paimapo. Apa ndipo panachokera mawu akuti singano ziyendetsa mwazi. Tidziwe kuti akuluwo analemba zimenezi zaka zoposa 1,600 Harvey asanasonyeze kuzungulira kwa mwazi, ndipo ong'amba mitembo kufikira lero sanaone njira za qi monga aonera mitsempha ndi minyewa. Kotero sing'anga wakale akati mwazi waima, ndi dotolo wa lero akati mtsempha wachepa, mawu afanana koma sanena chinthu chimodzi.

Ife amene tiopa mayeso timve za Wang Weiyi. Mu 1027, nthawi ya ufumu wa Song, iye anaumbitsa anthu awiri amkuwa a msinkhu wa munthu weniweni, okhala ndi tibowo pa malo onse olasapo. Mbiri iti pa tsiku la mayeso ankamata chifanizirocho ndi phula nathiramo madzi. Wophunzira akalasa pa malo oyenera, singano inkalowa ndipo madzi ankadontha. Akaphonya, singano inkagunda mkuwa, ndipo panalibe chokambirana ndi mphunzitsi.

Luso limeneli silinayende bwino masiku onse kwawo komweko. Mu 1822 mfumu yaikulu Daoguang inalichotsa m'sukulu ya madotolo a kunyumba yachifumu. Mu 1929 akulu ena a boma anafuna kuthetsa using'anga wonse wamakolo, koma asing'anga anakana mwamphamvu. Itapita 1949 boma latsopano, posowa madotolo okwanira anthu ochuluka chotere, linalitsitsimutsa, ndipo mu 1956 linatsegula sukulu zazikulu za using'angawu ku Beijing, Shanghai, Guangzhou ndi Chengdu. Mu 1971 mtolankhani wa ku America, James Reston, anachitidwa opaleshoni ya m'mimba ku Beijing, nalasidwa singano pambuyo pake kuti ululu uchepe. Zimene analemba m'nyuzipepala ya New York Times zinafalitsa mbiri ya singano m'maiko a Azungu. Mu 2010 bungwe la UNESCO linalemba lusoli m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu. Umenewo ndi ulemu kwa mwambo wakale, koma si umboni wakuti lichiritsa nthenda yakutiyakuti.

M'MENE ALASIRA KHOSI

Singano za lero ndi za chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo zambiri kunenepa kwake sikufika theka la milimita imodzi. Sizifanana ndi jekeseni, pakuti ziribe bowo ndipo sizithira mankhwala. Sizifanananso ndi mphini zimene tizidziwa kwathu kuno, pakuti satema khungu kapena kupakapo kanthu. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linagwirizanitsa maina a malo 361 olasapo. Poyesa mtunda wa malowo agwiritsa ntchito muyeso wotchedwa cun, umene ulingana ndi kufupika kwa m'mimba mwa chala chachikulu cha wodwala mwini wake, kotero kuti wamkulu ndi wamng'ono aliyense ayesedwa ndi thupi lake.

Kwa wodwala khosi, malo otchuka ndi Fengchi, kutanthauza dziwe la mphepo, ndiwo timaenje tiwiri timene mungatimve kunkhongo pansi pa chigaza. Palinso Dazhui, pansi pa fupa lotundumuka lija. Jiaji, mbali iyi ndi iyo ya mafupa a khosi. Ndi Baihui, pamwamba pa mutu. Wolasa alowetsa singano, naipotoza pang'ono kufikira wodwala amva kulemera kapena dzanzi pamalopo, ndipo aisiya mphindi 20 kapena 30. Ena alumikiza singano ku kamakina kopereka magetsi ofooka. Ena aotcha masamba aja pa chigwiriro kuti singano ifunde. Palinso singano yokhala ndi kampeni kunsonga, imene Zhu Hanzhang anayambitsa mu 1976, yodulira minofu yomangika. Imeneyi ilowa mozama ndipo iri ndi ngozi zake.

KODI MWAZI UYENDADI?

Funsoli liri pawiri, ndipo tikaphatikiza mbali zake tisokera. Mbali yoyamba ikhudza timitsempha ta m'khungu ndi m'minofu pamene singano yalowa. Pamenepa yankho ndi inde. Khungu lifiira mozinga singano, chifukwa timinyewa tolasidwato titulutsa timadzi timene tifutukula timitsempha tapafupi. Mu 2003 ofufuza a ku Sweden anayesa ndi makina, napeza kuti mwazi uchulukadi m'khungu ndi m'mnofu wa mwendo utalasidwa. Koma kufutukuka kotere ndi kwa pamalopo ndi kwa kanthawi. Nsalu yofunda kapena kusisita ndi dzanja zichitanso zofanana nazo.

Mbali yachiwiri ikhudza mitsempha ya vertebral ndi basilar, yobisika m'kati mwa mafupa. Imeneyi ayesa ndi makina otchedwa Doppler. Munamvapo hutala ya galimoto: ikamabwera mawu ake amveka okwera, ikapitirira amveka otsika. Christian Doppler wa ku Austria anafotokoza lamulo la zimenezi mu 1842. Makinawo atumiza mawu osamveka ndi khutu m'thupi. Mawuwo agunda mwazi woyenda nabwerera atasintha, ndipo kusinthako kusonyeza liwiro la mwazi. Mu 1982 Rune Aaslid wa ku Norway ndi anzake anasonyeza njira yoyesera chotere mitsempha ya m'kati mwa chigaza. Ku China achita mayeso ambiri ndi makinawa, ndipo ambiri alemba kuti odwala olasidwa kwa masabata angapo mwazi wawo unathamanga kuposa wa omwa mapiritsi okha. Wina anganene kuti mlandu watha. Koma pali zinthu zinayi zoyenera kuzilingalira.

Choyamba, makinawa ayesa liwiro, osati kuchuluka. Pothirira dimba ndi paipi, tsekani theka la kamwa yake ndi chala: madzi athamanga nafika patali, koma ndowa siidzaza msanga kuposa kale. Momwemonso mwazi uthamanga kwambiri pamene mtsempha wachepa, ndipo madotolo agwiritsa ntchito kuthamanga kumeneku monga chizindikiro cha mtsempha wopanika. Tsono kukwera kwa liwiro pakokha sikutiuza kuti ubongo walandira mwazi wambiri.

Chachiwiri, nambala ya pa makina isintha ndi zinthu zambiri: kapendekedwe ka chida m'dzanja la woyesa, kapumidwe ka wodwala, mantha ake, ndi kugunda kwa mtima wake. Munthu amene wagona phee theka la ola sangafanane ndi m'mene analiri polowa pakhomo.

Chachitatu, singano siifika pa mtsemphawo, ndipo siyenera kufikapo konse. Siichotsa kaminga ka fupa, siikulitsa kabowo, ndiponso siibwezera madzi m'kankhata kouma. Ngati ikhudza mtsemphawo, ndiye kuti idzera pa minyewa kapena pa kumasuka kwa minofu.

Chachinayi, mayeso ambiri a nkhani imeneyi anali a odwala ochepa, ndipo odwala ndi oyesa omwe ankadziwa amene walasidwa ndi amene sanalasidwe. Mu 1998 Andrew Vickers ndi anzake anawerenga mayeso a singano ofalitsidwa m'maiko osiyanasiyana, napeza kuti onse ochokera ku China, Japan, Hong Kong ndi Taiwan anati singano zinapambana. M'kalasi m'mene aliyense akhoza mayeso onse chaka ndi chaka, mkulu woyendera sukulu ayenera kufunsa za kachongedwe. Chifukwa cha zinayi zimenezi, mawu akuti singano zitsegula mitsempha ya m'khosi sanatsimikizidwe.

CHIMENE SINGANO ZICHITA

Kodi tsono ndi zachabe? Iyayi. Pa nkhani ya ululu umboni ulipo wolimbirapo. Vuto poyesa ndi lakuti munthu akakhulupirira chithandizo, nasamalidwa bwino, kawirikawiri apezako bwino ngakhale chithandizocho chikhale chopanda kanthu. Ndiponso khosi lopweteka lileka lokha nthawi zambiri. Pofuna kulekanitsa zimenezi, Konrad Streitberger wa ku Germany anafalitsa mu 1998 za singano yonamizira, imene ibaya pang'ono pakhungu koma ibwerera m'chigwiriro chake osalowa m'thupi. Ndi njira zotere odwala agawidwa mwa maere, ena nalandira singano zenizeni, ena zonamizira, ena osalandira konse.

Mu 2012 Vickers yemwe uja ndi anzake anasonkhanitsa mayeso abwino 29 a odwala 17,922 a ululu wokhalitsa wa msana, khosi, mapewa, mfundo ndi mutu. Mu 2018 anaonjezera kufika mayeso 39 a odwala 20,827. Anapeza kuti olasidwa anapeza bwino koposa osalasidwa, ndipo anaposanso a singano zonamizira, koma pang'ono pokha. Tanthauzo lake ndi lakuti singano zichepetsadi ululu, koma gawo lalikulu la chithandizocho lichokera ku chiyembekezo, kupumula ndi chisamaliro.

Nanga gawo lotsalalo lichokera kuti? Yankho lioneka kuti liri m'minyewa. M'zaka za m'ma 1970 Han Jisheng wa ku Beijing anatenga madzi a mu ubongo wa kalulu wolasidwa, nawathira mwa kalulu wina wosalasidwa, ndipo wachiwiriyo nayenso anapirira ululu koposa kale. Mu 1976 Bruce Pomeranz wa ku Toronto anasonyeza pa mbewa kuti mankhwala otsekereza ntchito ya morphine athetsanso mphamvu ya singano. Zimenezi zinaloza ku mankhwala opha ululu amene thupi lipanga lokha, otchedwa endorphin. Ululu ukachepa minofu imasuka, munthu acheuka mosavuta, nagona tulo. Pakuti minofu ya khosi ituma uthenga ku ubongo wa m'mene mutu wakhalira, nkotheka kuti kumasuka kwake kuchepetsenso chizungulire cha ena, popanda mtsempha uliwonse kukula.

CHENJEZO

M'manja mwa wophunzira bwino, singano kawirikawiri sizivulaza. Mu 2009 ku Germany anafalitsa za odwala 229,230 olasidwa ndi madotolo. Pafupifupi 9 mwa 100 alionse anaona vuto lina, makamaka kutuluka mwazi pang'ono kapena kutupa, ndipo awiri anabooledwa chikuta cha phapo. Koma khosi si malo oseweretsa. Nsonga ya phapo ikwera kufikira m'munsi mwa khosi, ndipo kuseri kwa timaenje ta kunkhongo kuli mtsempha wa vertebral ndi tsinde la ubongo. Singano yolowa mozama kapena mopotoka pamenepo ikhoza kupha. Singano yolasira anthu awiri ikhoza kufalitsa matenda a chiwindi ndi HIV. Iyenera kutuluka m'pepala lomata wodwala akuona, ndi kutayidwa ikatha ntchito. Mnzathu asayese konse kulasa wina ndi singano yosokera chifukwa wawerenga nkhani ino.

Ngozi yoposa zonse ndiyo kuchedwa. Chizungulire chikadza mwadzidzidzi pamodzi ndi kuona zinthu ziwiriziwiri, kulankhula movutika, kupotoka kamwa, kulephera kumeza, kufooka mbali imodzi kapena kugwa, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko, ndipo maola oyamba ndiwo apulumutsa ubongo. Khosi likauma pamodzi ndi kutentha thupi ndi litsipa lalikulu, akhoza kukhala matenda oumitsa khosi, amene apha msanga. Khosi likapweteka munthu atagwa kapena atachita ngozi ya galimoto, asaligwedeze. Onsewa athamangire nawo ku chipatala tsiku lomwelo.

Ife ophunzira ndife amene makolo atifunsa tikapita ku tchuthi, poti ndife tawerenga mabuku. Agogo akatifunsa za singano za ku China, tiwauze zoona zake zonse. Ayambe apita ku chipatala kuti chiyambi cha chizungulire chidziwike, pakuti safunsa anadya phula. Dotolo akapeza kuti ndi kukalamba kwa khosi chabe, singano za munthu wophunzira ndi wovomerezeka zikhoza kuchepetsa ululu, makamaka pamodzi ndi kulimbitsa khosi pang'onopang'ono, mtsamiro wosatalika, ndi kuchepetsa katundu wa pamutu. Koma wina akalonjeza kuti singano zake zitsegula mitsempha ya ku ubongo kapena zisungunula timinga ta fupa, wanena zoposa zimene zayesedwa, ndipo agogo asamlipire ndalama ya feteleza chifukwa cha lonjezo limenelo.

MAFUNSO

1. Tchulani mitsempha inayi yopereka mwazi ku ubongo, nimufotokoze njira imene ya vertebral idzera.

2. Chifukwa ninji timinga tooneka pa X-ray sitikwanira kutsimikiza chiyambi cha chizungulire?

3. Tengani paipi, ndowa ndi wotchi. Yesani nthawi imene ndowa idzaza paipi iri yotsegula, ndiponso mutatseka theka la kamwa yake. Mwaphunzirapo chiyani za liwiro ndi kuchuluka?

4. Singano yonamizira ithandiza bwanji pofuna kudziwa zoona?

5. Lembani zizindikiro zisanu zimene ziyenera kutithamangitsa ku chipatala.